Kuona Maso a Nkhono n'Kudekha: Phunziro la Kujambula Milalang'amba



Kumayambiriro kwa chaka chino cha sukulu, m'kalasi la Fomu 3, tinkaphunzira za akatswiri achisilamu akale amene anasiya dzina pa maphunziro a zakuthambo. Titamaliza, mnyamata wina anakweza mkono n'kunena kuti: "Shehe, zimenezo zinali kale. Masiku ano zakuthambo ndi za anthu okhala ndi makina a ndalama zankhaninkhani. Nanga ife tingaone chiyani chimene iwo sanachione?"

Funso limeneli silinali lamwano, ndipo tikudziwa kuti ambiri a inu muli nalo, kungoti simulinena. Pansi pake pagona maganizo akuti maphunziro enieni amachitika kwina, ife ntchito yathu n'kuloweza zimene ena anapeza kuti tikhoze mayeso. Maganizo otere akakhazikika mumtima mwa mwana, amasiya kufunsa, amasiyanso kuyesa. Phunziro lino ndi yankho lathu, ndipo mfundo yake ndi imodzi: kuwala kofooka kwa milalang'amba sikugwidwa ndi mwini chipangizo chachikulu yekha. Kumagwidwanso ndi munthu wodekha, wobwereza ntchito yake kambirimbiri, amene amanena zoona pa zimene wapeza.

Kodi mlalang'amba n'chiyani?

Usiku wopanda mwezi m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mukayang'ana kumwamba mumaona mzere wotuwa ngati utsi utadutsa pakati pa thambo. Umenewo ndiwo mlalang'amba wathu, khamu la nyenyezi zoposa mabiliyoni 100, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi chabe mwa izo. Khamu limeneli ndi lophwatalala ngati lichero. Timaliona ngati mzere chifukwa tili mkati mwake, tikuyang'ana cham'mbali.

Kunja kwa mlalang'amba wathu kulinso ina yosawerengeka. Kutalika kwake sikuyezedwa ndi makilomita, koma ndi nthawi imene kuwala kumatenga kuti kufike kuno. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchokera ku dzuwa kufika padziko kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20. Kuchokera ku mlalang'amba wotchedwa Andromeda, womwe ndi waukulu wapafupi kwambiri ndi ife, kumatenga zaka pafupifupi 2.5 miliyoni. Pofika kuno kumakhala kutamwazikana kwambiri moti diso limangotolako pang'ono. Vuto lonse la wojambula milalang'amba lagona pamenepa: zinthu zake ndi zazikulu, koma kuwala kwake ndi kochepa.

Kamtambo ka al-Sufi

Munthu woyamba amene zolemba zake zokhudza Andromeda zilipo mpaka lero ndi Abd al-Rahman al-Sufi. Iye anabadwira ku Rayy, ku Iran, mu 903, anagwira ntchito mumzinda wa Isfahan, ndipo anamwalira mu 986. Cha mu 964 analemba buku lofotokoza magulu a nyenyezi, momwe anaonetsa malo a nyenyezi iliyonse ndi mphamvu ya kuwala kwake. M'bukumo anasonyeza kuti m'gulu la Andromeda muli kanthu kooneka ngati kamtambo. Telesikopu kunalibe, chifukwa inabwera patapita zaka zoposa 600. Al-Sufi anali ndi maso, mdima ndi chizolowezi cholemba zimene waona.

Taonani chimene sanachite. Sananene kuti kamtamboko ndi chakutichakuti. Analemba malo ake ndi maonekedwe ake, n'kulekera pomwepo. Panapita zaka 959 kuti tanthauzo lake lidziwike. Mu 1923 Edwin Hubble, pogwiritsa ntchito telesikopu ya mainchesi 100 ya pa Mount Wilson ku California, anapeza mkati mwa kamtamboko nyenyezi ya mtundu wina imene kuwala kwake kumakwera ndi kutsika pa nthawi yoikika. Mayi wina, Henrietta Leavitt, anali atasonyeza kale mu 1912 kuti nthawi ya kukwera ndi kutsika kumeneku imaulula mphamvu yeniyeni ya nyenyezi yotere. Ukadziwa mphamvu yeniyeni ya nyali, n'kuona mmene ikuonekera yofooka, ukhoza kuwerengera kutalika kwake. Masamu a Hubble anasonyeza kuti kamtambo kaja kali kutali kwambiri, kunja kwa mlalang'amba wathu, ndipo ndi mlalang'amba wina paokha.

Kuwala kuli ngati mvumbi

Kale anthu ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti diso limatulutsa cheza chimene chimapita kukakhudza chinthu. Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha mu 965 amene anagwira ntchito ku Cairo, anasonyeza m'buku lake la Kitab al-Manazir kuti timaona chifukwa kuwala kumachokera ku chinthu n'kulowa m'diso. Ngati kuwala kumalowa, ndiye kuti kukhoza kutungidwa, ndipo amene watunga kochuluka ndiye amaona zochuluka.

Taganizirani mvumbi, mvula yowaza pang'onopang'ono tsiku lonse. Mukafuna madzi muli ndi njira ziwiri: kutchera chiwiya chakukamwa kwakukulu, kapena kusiya chiwiya chanu panja nthawi yaitali. Kuwala kwa mlalang'amba kulinso chimodzimodzi.

Tiyambe ndi kukamwa kwa chiwiya. Mumdima, kamboni wa diso la wachinyamata amatseguka mpaka mamilimita pafupifupi 7. Telesikopu yaing'ono imakhala ndi galasi la mamilimita 80 m'lifupi. Tikachulukitsa 80 ndi 80 tipeza 6,400. Tikachulukitsa 7 ndi 7 tipeza 49. Tikagawa tipeza pafupifupi 130. Choncho telesikopu yokwana m'chikwama cha sukulu imatunga kuwala kochuluka ka 130 kuposa diso. Zoonera patali za maso awiri, za magalasi a mamilimita 50, zimatunga kochuluka ka 51. Galasi likakula kawiri m'lifupi, kuwala kumachuluka kanayi, koma mtengo wake umakwera koposa pamenepo. Njira imeneyi ili ndi malire kwa ife.

Njira yachiwiri ndi nthawi, ndipo apa mpamene kamera imaposa diso. Diso lili ngati kapu yobooka: silisunga kuwala kupitirira kagawo kakang'ono ka sekondi. Ngakhale mutayang'anitsitsa mlalang'amba kwa ola lathunthu, kuwalako sikuunjikana. Koma mkati mwa kamera muli kachipangizo kotchedwa sensa, kokhala ndi timabokosi mamiliyoni ambiri totchedwa mapikiselo. Kabokosi kalikonse kamawerenga kuwala kumene kwagweramo kwa nthawi yonse imene chitseko cha kamera chili chotsegula. Mu Disembala 1888, Isaac Roberts, amene sanali wolembedwa ntchito ya zakuthambo koma anapeza chuma chake pa ntchito yomanga nyumba, anasiya chitseko chotsegula kwa maola pafupifupi 4 ali kwawo pafupi ndi Liverpool. Chithunzi chake chinaonetsa kuti kamtambo ka al-Sufi kali ndi mizere yozungulira ngati madzi olowa m'dzenje, chinthu chimene oyang'ana ndi maso pa matelesikopu sanathe kuchiona bwino.

Palinso china chokomera mwini chipangizo chaching'ono. Andromeda ndi wamkulu pathambo: kuchokera nsonga ina kufika ina ndi madigiri pafupifupi 3, ngati miyezi 6 yathunthu itandandalikidwa. Telesikopu yaikulu imaona kachigawo kochepa ka thambo, choncho Andromeda sakwanamo. Yaing'ono imamutenga yense.

Thambo siliima

Mwina mukuti, basi tingotsegula chitseko kwa ola limodzi. Vuto ndi lakuti dziko limazungulira, ndipo nyenyezi zimaoneka zikusuntha madigiri 15 pa ola lililonse kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Kamera ikangokhala chikhalire, nyenyezi iliyonse imasanduka kamzere, ndipo mlalang'amba umafufutika ngati choko chopukutidwa ndi dzanja.

Ojambula ali ndi lamulo lothandiza poyambira: gawani 500 ndi nambala ya mamilimita yolembedwa pa lenzi yanu, ndipo yankho lake ndi masekondi amene mungatsegule chitseko nyenyezi zisanayambe kukoka mizere. Lenzi ya mamilimita 50 imalola masekondi 10; ya 200 imalola masekondi awiri ndi theka. Pa makamera ambiri a masiku ano ndi bwino kuchepetsako kuposa pamenepo.

Amene ali ndi ndalama amagula choikapo kamera chokhala ndi kainjini kozungulira pang'onopang'ono motsata thambo. Kuti chigwire ntchito, msana wake uyenera kuloza nsonga imene thambo lonse limaoneka kuti likuzungulirapo. Kwa ife okhala kummwera kwa equator, nsongayo ili kummwera, ndipo kukwera kwake kuchokera pansi kumafanana ndi latitudi ya malo amene muli: madigiri pafupifupi 14 ku Mangochi ndi ku Lilongwe, pafupifupi 16 ku Blantyre. Pamenepo palibe nyenyezi yowala kwambiri, choncho timaipeza kudzera pa nyenyezi zinayi za Southern Cross: tsatirani mzere wake wautali, muutalikitse kanayi ndi theka kulowera kummwera. Amene alibe chipangizo chimenechi asataye mtima, chifukwa pali njira ina, ndipo njira imeneyo ndiyo phata la phunziro lino.

Mboni zambiri

Mukajambula mlalang'amba kwa masekondi ochepa n'kukulitsa chithunzicho, mudzaona timadontho tambirimbiri tonga mchenga. Ojambula amatitcha noise. Ife tizingoti mchenga. Mchenga umabwera chifukwa kuwala sikufika mofanana: kabokosi kena kamalandira madontho 9, koyandikana nako 4, pomwe onse akuyang'ana chinthu chimodzi, monga momwe makapu awiri otchera pa mvumbi kwa mphindi imodzi sangadzaze mofanana. Nayo kamera imawonjezera wake chifukwa cha kutentha ndi magetsi a mkati mwake. Mbali zofooka za mlalang'amba zimakwiririka mumchenga umenewu.

Mankhwala ake ndi kujambula chinthu chomwecho kambirimbiri, kenako kompyuta n'kusanjikiza zithunzizo, nyenyezi pa nyenyezi inzake, n'kupeza avereji. Mlalang'amba umakhala pamalo omwewo m'chithunzi chilichonse, choncho umalimba. Mchenga umagwa pena lero, pena mawa, choncho umafafanizana wokha. Masamu ake ndi a Fomu 1: kuyera kwa chithunzi kumakwera motsata square root ya chiwerengero cha zithunzi. Zithunzi 4 zimayeretsa kawiri, 25 kasanu, 100 kakhumi, 400 ka 20. Onani kuti mtengo wake ukukwera: kuti muwirikize kawiri ubwino umene mwapeza pa ola limodzi mufunika maola 4, ndipo kuti muwirikizenso mufunika maola 16. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ophunzira a maphunziro a Hadith aizindikira mfundo imeneyi. Nkhani yotchedwa mutawatir ndi imene yafotokozedwa ndi anthu ochuluka pa m'badwo uliwonse, kudzera m'njira zosiyana, moti n'kosatheka kuti onsewo anapangana bodza. Mboni imodzi ikhoza kuiwala kapena kusokoneza, koma zolakwa za anthu osapangana sizigwera pamodzi. Chimene onse agwirizana ndicho chimatsala. Sitikunena kuti maphunziro awiriwa ndi amodzi, koma kaganizidwe kake n'kofanana.

Maulama a Hadith ankadziwanso msampha wake: anthu 100 amene onse anamva kwa munthu mmodzi wolakwitsa ndi mboni imodzi basi. Msampha womwewo ulipo m'kamera. Kafumbi kakakhala pa sensa, kapena kabokosi kena kakawonongeka n'kumawala kokha, chilemacho chimaoneka pamalo omwewo m'zithunzi zonse, ndipo kusanjikiza kumachilimbitsa ngati kuti ndi choona. N'chifukwa chake wojambula wosamala amafufuzanso kamera yake. Amatseka lenzi ndi chivundikiro n'kujambula mdima wokhawokha kwa masekondi ofanana ndi a zithunzi zake. Chilichonse chowala m'zithunzi zimenezi ndi bodza la kamera, ndipo kompyuta imalichotsa. Amaphimbanso lenzi ndi nsalu yoyera n'kujambula kuwala kosalala. Chilichonse chakuda m'menemo ndi fumbi kapena mthunzi wa lenzi. Amasunthanso kamera pang'ono pakati pa zithunzi kuti chilema chisamagwere pa nyenyezi yomweyo. Mapulogalamu ochitira zonsezi, monga Siril ndi DeepSkyStacker, ndi aulere.

Mmene ife tinayesera

Pofuna kuyankha mnyamata uja ndi ntchito osati mawu okha, tinabwereka kamera kwa kholo lina lojambula pa maukwati, yokhala ndi lenzi ya mamilimita 135 ndi miyendo yake itatu. Mphunzitsi wa sayansi anabweretsa kompyuta yake ya m'manja. Tinatuluka ndi ophunzira 12 itatha Swala ya Isha, kupita kumapeto kwa bwalo la mpira.

Usiku woyamba tinabwerera chimanjamanja, ndipo cholakwa chinali chathu. Ife amene timaphunzitsa kalendala ya Hijri tinaiwala kuyang'ana tsiku la mwezi. Linali la 12, mwezi unali mbee, ndipo thambo lonse linali lotuwa. Ana anaseka, ifenso tinaseka, koma tinachita manyazi.

Patapita masabata awiri tinabwereranso kuli mdima. Zithunzi 100 zoyamba tinazitaya, chifukwa wina anakhudza lenzi ndipo nyenyezi zinatuluka zofufuma ngati timabatani. Tinakonzanso poloza nyenyezi yowala n'kupotoza lenzi mpaka inasanduka kadontho kakang'onong'ono, kenako tinamata lenziyo ndi tepi. Tinajambula zithunzi 300 za masekondi awiri chilichonse, tikusuntha kamera pakapita kanthawi kuti Andromeda asatuluke m'mbali. Zonse pamodzi ndi mphindi 10 zokha za kuwala, koma zinatitengera maola awiri. Pa chithunzi chimodzi panali kadontho kofuwirira pakati pa mchenga. Titasanjikiza zonse mawa lake, panatuluka chinthu chowulungika ngati lichero loliyang'ana chapambali, chowala pakati, ndipo pambali pake panali timadontho tiwiri tofuwirira, timene ndi milalang'amba ing'onoing'ono yoyenda ndi Andromeda. M'kalasi munangoti zii.

Mayeso enieni anabwera pambuyo pake. Chithunzicho chinayenera kukaikidwa pa bolodi tsiku la makolo, ndipo wophunzira wina waluso pa foni anachilowetsa m'pulogalamu yokongoletsa zithunzi. Chinatuluka chokongola zedi, chili ndi mikono yabuluu yozungulira ndi nyenyezi zonyezimira. Ambiri anafuna kuti tiike chimenecho. Tinawafunsa funso limodzi: mikono imeneyi inalowa kudzera pa lenzi yathu? Yankho linali lakuti ayi. Pulogalamuyo inaipeka potengera zithunzi za anthu ena.

Pano pakufunika kusiyanitsa bwino. Chithunzi chosanjikizidwa chimatuluka chakuda, ndipo wojambula aliyense amakweza kuwala kwa mbali zofooka kuti zioneke. Kumeneko ndi kuulula zimene kamera inatunga, ndipo palibe cholakwa. Koma kuwonjezera zimene kamera sinatunge, n'kumauza anthu kuti tinajambula ndife, ndi umboni wonama, ngakhale utakongola chotani. Tinaika chithunzi chathu chotuwacho, ndipo pansi pake tinalemba tsiku, malo, lenzi, chiwerengero cha zithunzi, masekondi ake ndi pulogalamu imene tinasanjikizira. Mtsikana wina anati imeneyo ndiye isnad ya chithunzi, ndipo sitinamutsutse.

Zimene zipangizo zazing'ono zapeza

Tsopano tibwerere ku funso lija: tingaone chiyani chimene iwo sanachione? Matelesikopu aakulu ndi ochepa, ndipo akatswiri amachita kulimbirana maola ogwiritsa ntchito. N'kovuta kuti munthu apatsidwe maola 100 kuti ayang'ane malo amodzi mongoyesa. Munthu wa telesikopu yake pakhomo nthawi imeneyo ali nayo.

Mu 1752 Nicolas-Louis de Lacaille, ali ku Cape of Good Hope, anapeza mlalang'amba umene lero umatchedwa M83 ndi katelesikopu kamene galasi lake silinkafika masentimita awiri m'lifupi. Mu 2016 Giuseppe Donatiello wa ku Italy, pofufuza zithunzi zimene anajambula yekha zaka za m'mbuyo ndi telesikopu ya mamilimita 127, anaona kadontho kofuwirira komwe sikanali m'kaundula aliyense. Matelesikopu aakulu a pachilumba cha La Palma anatsimikizira kuti ndi mlalang'amba waung'ono, ndipo unatchedwa Donatiello I. Mu Januwale 2023 kunalengezedwa kuti anthu atatu ojambula mwa kukonda chabe, Marcel Drechsler, Xavier Strottner ndi Yann Sainty, apeza uta waukulu wa mpweya wowala mofooka pambali pa Andromeda monga timamuonera pathambo. Telesikopu yake inali ya mamilimita 106, ndipo anasonkhanitsa kuwala kwa maola oposa 100, ena mwa maolawo kudzera m'galasi losefa lolola kuwala kwa okosijeni kokha. Andromeda wakhala akujambulidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1880, koma utawo unadikira anthu odekha. Chithunzi chawo chinapambana mpikisano wa Astronomy Photographer of the Year wa chaka chimenecho, umene umayendetsedwa ndi Royal Observatory ya ku Greenwich.

Onani kuti onsewa sanadzitsimikizire okha. Anapereka zimene apeza kwa ena kuti azifufuze ndi zipangizo zina. Mboni yoona siopa kufunsidwa.

Chuma chimene tili nacho

Ojambula ambiri a m'mizinda ikuluikulu ya kunja amayenda maulendo ataliatali kufunafuna chinthu chimene ambiri a ife tili nacho kuseri kwa nyumba: mdima. Magetsi a mumzinda amawalitsa fumbi ndi chinyezi cha mumlengalenga, thambo n'kutuwa, ndipo mbali zofooka za mlalang'amba zimamira m'kutuwako. Ola limodzi kumudzi kopanda magetsi limaposa maola ambiri pakati pa tauni. Sitikunena kuti kusowa magetsi ndi mwayi. Tikuti pamene magetsi akufika, tiphunzire kuika nyali zoyang'ana pansi pomwe kuwala kukufunika, osati zomwaza kumwamba.

Chuma chachiwiri ndi kalendala yathu. Msilamu amadziwa tsiku la mwezi popanda kufunsa, pokhapokha ataiwala ngati ife. Masiku a 13, 14 ndi 15, amene ambiri amasala, mwezi umakhala wathunthu ndipo si nthawi ya milalang'amba. Kuyambira cha pa 22 mwezi umatuluka pakati pa usiku kapena mochedwerapo, ndipo mpaka cha pa 4 mwezi wotsatira umalowa msanga. Amenewo ndiwo masiku athu. Asodzi a usipa amawadziwa bwino, chifukwa nyali zawo zimakoka nsomba kukakhala mdima.

Nyengo nayo ndi yofunika. Kuyambira Meyi mpaka Julayi thambo limakhala loyera, kupatula masiku a chiperoni. Cha m'ma 9 koloko usiku kumapeto kwa Meyi, milalang'amba itatu imakhala pamwamba: Centaurus A, wokhala ndi lamba wakuda wa fumbi pakati pake, amene kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 12 miliyoni, M83 uja wa Lacaille, zaka pafupifupi 15 miliyoni, ndi M104, wooneka ngati chipewa, zaka pafupifupi 30 miliyoni. Itatuyi imaoneka yaing'ono, choncho pa lenzi ngati yathu idzatuluka ngati timadontho tofuwirira, ndipo maonekedwe ake amafuna telesikopu. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umadetsa mlengalenga. Pakati pa Novembala, mitambo ikalola, cha m'ma 9 koloko Andromeda amakhala kumpoto, madigiri pafupifupi 35 kuchokera pansi, kumunsi kwa nyenyezi yotchedwa Mirach, imene dzina lake ndi lochokera ku Chiarabu. Nthawi yomweyo NGC 253, amene Caroline Herschel anamupeza mu 1783, amakhala pafupi ndi pamwamba pa mutu. Kummwera kumaoneka timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo, Mitambo ya Magellan, imene ndi milalang'amba ing'onoing'ono yoyandikana nafe: waukulu uli pa mtunda wa zaka pafupifupi 160,000 za kuwala, waung'ono pafupifupi 200,000. Anthu a ku Ulaya saiona ali kwawo. Ife timaiona ndi maso, ndipo ngakhale foni yotha kutsegula chitseko kwa masekondi 10 kapena 15 ikhoza kuijambula itatsamizidwa pa thumba la mchenga.

Ntchito ya teremu ino

Gulu lathu lidzatulukanso, Insha Allah, m'masiku a mdima a Meyi ndi Juni. Aliyense abwere ndi kalata ya chilolezo cha makolo. Atsikana adzakhala ndi aphunzitsi aakazi, ndipo tonse tidzabwerera isanakwane 10 koloko kuti Swala ya Fajr isatipeze tili m'tulo. Valani zofunda mikono ndi miyendo chifukwa cha kuzizira ndi udzudzu. Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala kwa foni kumawononga zimenezo m'kanthawi kochepa, choncho tochi iliyonse ikulungidwe ndi pepala lofiira. Mukafuna kuona chinthu chofooka, musachiyang'ane mwachindunji, yang'anani pambali pake pang'ono, chifukwa mbali za m'mphepete mwa diso ndizo zimamva kuwala kochepa. Amene ali ndi kompyuta aikemo Stellarium, pulogalamu yaulere yoonetsa malo a nyenyezi pa tsiku ndi ola lililonse. Ndipo chenjezo losasintha: musaloze telesikopu kapena zoonera patali ku dzuwa, chifukwa diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira.

Musanabwere, yankhani mafunso awa m'kope lanu:

1. Telesikopu ya mamilimita 140 imatunga kuwala kochuluka kangati kuposa diso la mamilimita 7?

2. Gulu lina lasanjikiza zithunzi 36, lina 144, zonse za masekondi ofanana. Chithunzi chachiwiri ndi choyera kangati kuposa choyamba?

3. N'chifukwa chiyani kusanjikiza kumachotsa mchenga koma sikuchotsa kafumbi ka pa sensa? Fanizirani ndi zimene mwaphunzira za njira zofikitsira Hadith.

4. Lembani masiku a mwezi wa Hijri uno amene ali oyenera kujambula milalang'amba, ndipo fotokozani chifukwa chake.

5. Kodi malire ali pati pakati pa kuulula zimene zili m'chithunzi ndi kupeka zimene mulibe?

Mnyamata amene anafunsa funso lija ndiye anagwira batani la kamera usiku wonse wachiwiri, akuwerenga mokweza mpaka 300. Titafika pa 180 anzake ena anali atakhala pansi, akudandaula kuzizira kwa mame ndi kulumidwa ndi udzudzu, koma iye sanasiye. Sitinapeze mlalang'amba watsopano, ndipo mwina sitidzaupeza. Koma kamtambo komwe al-Sufi anakalemba kali pa bolodi la sukulu yathu, kojambulidwa ndi manja a ana athu, ndipo mulibe kadontho kabodza. Panopa mnyamatayo akufunsa funso lina: tikadzajambula 1,200, tidzaona chiyani? Masamu akuti chithunzi chidzayera kawiri. Zina zonse tidzazionera komweko.

Tikupempha Allah atiwonjezere maphunziro othandiza, atipatse kupirira powafunafuna ndi chilungamo powafotokoza. Ameen.